PHATA LA KUKWERA KWA MITENGO: SIKELO YA BANKI NDI DENGU LA KWA KAPICHI

Mwezi uliwonse ofesi ya boma yosonkhanitsa ziwerengero, ya National Statistical Office ku Zomba, imalengeza nambala imodzi imene anthu ambiri amangoimva pa wailesi n'kuiiwala, koma imene akuluakulu a Banki Yaikulu ku Lilongwe amaisinkhasinkha kwa masiku ambiri. Nambalayo imanena m'mene mitengo ya zinthu yakwerera poyerekeza ndi mwezi womwewo chaka chapitacho. Mu Januwale 2024 idafika pa 35 peresenti, ndiye kuti katundu amene munthu adagula ndi K100 mu Januwale 2023 adafuna K135 patangopita miyezi 12.

Pansi pa nambala imeneyi padali nambala zina ziwiri. Chakudya chidakwera ndi pafupifupi 45 peresenti, pamene zinthu zina zonse, monga zovala, sopo, lendi ndi mtengo wa basi, zidakwera ndi pafupifupi 22 peresenti. Tsono funso limene limavuta akatswiri a zachuma ndi lakuti: mwa nambala zitatuzi, ndi iti imene Banki Yaikulu iyenera kuitsata poganiza zokweza kapena kutsitsa chiwongoladzanja? Funsoli limamveka ngati la m'maofesi okhaokha, koma yankho lake limakafika mpaka pa mphika wa banja la wothyola tiyi kwa Kapichi.

DERA LA TIYI LOGULA CHIMANGA

Dera la Mfumu Kapichi lili m'boma la Thyolo, limene pa kalembera wa 2018 lidapezeka ndi anthu oposa 700,000. Ndi limodzi mwa maboma amene anthu adathithikana kwambiri, pakuti gawo lalikulu la nthaka yachonde lidasanduka minda ya tiyi kalekale m'nthawi ya atsamunda. Maina ngati Satemwa, Naming'omba, Conforzi ndi Makandi ngodziwika kwa mwana aliyense wa m'bomalo. Mabanja ambiri adatsala ndi timinda tating'onoting'ono, ndipo chimanga chimene amakolola chimatha chaka chisanathe. Nthochi zimene zinkawapatsa ndalama yogulira ufa zidasakazidwa ndi matenda a chisaka. Motero munthu wa kwa Kapichi, ngakhale ali mlimi, miyezi yambiri amadya chimanga chogula.

Palinso china chimene chimawawitsa nkhaniyi. Tiyi amaphuka kwambiri mvula ikamagwa, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo iyi ndiyo nyengo imene maesiteti amalemba anthu ochuluka. Koma miyezi yomweyi ndiyo nkhokwe zimakhala zili pululu, ndipo ndowa ya chimanga pa msika wa Luchenza kapena pa Thyolo boma imakhala itadula kuposa nyengo ina iliyonse. Chimanga chikamadzatsika mtengo mu Meyi ndi Juni, masamba a tiyi amakhala atachepa, ntchito nayo itachepa. Ndalama imabwera pamene chakudya chadula, ndipo imathawa pamene chakudya chatchipa. Kwa banja lotere, kukwera kwa mitengo kumayamba ndi chimanga ndipo kumathera pa chimanga.

DENGU LA KU ZOMBA

Kuti munthu amvetse mkangano wa akatswiri, ayenera kuyamba wadziwa m'mene nambala ija imapangidwira. A ku Zomba amachita kafukufuku wa m'makomo m'dziko lonse, kufunsa mabanja zimene amagula ndi zimene amadya. Kuchokera m'mayankho amenewa amalongedza dengu la m'maganizo, limene muli chimanga, ufa, nyemba, usipa, mchere, shuga, mafuta ophikira, makala, zovala, lendi, mankhwala, fizi ndi zina zambiri. Chinthu chilichonse chimapatsidwa kulemera kwake molingana ndi ndalama imene mabanja amaonongerapo. Kenaka mwezi ndi mwezi antchito a ofesiyo amayendera misika ndi masitolo, m'mizinda ndi m'midzi, kulemba mitengo ya zinthu za m'denguzo.

M'dengu limene lidakonzedwa potsata kafukufuku wa 2019 mpaka 2020, chakudya chidatenga magawo pafupifupi 54 pa 100 alionse, ndipo zina zonse zidagawana magawo 46 otsalawo. Mwana wa sukulu angathe kuwerengera yekha: magawo 54 akakwera ndi 45 peresenti amawonjezera pafupifupi 24, magawo 46 akakwera ndi 22 peresenti amawonjezera pafupifupi 10, ndipo zonse pamodzi zimayandikira 35 uja. Denguli ndi la dziko lonse, losakaniza wolemera wa ku Namiwawa ndi wosauka wa kumudzi. M'dengu lenileni la banja losauka chakudya chimalemera koposa pamenepo.

Poyerekeza Febuluwale wa chaka chino ndi Febuluwale wa chaka chatha, kukwera kwa chimanga kwa nthawi ya njala ya chaka ndi chaka kumafafanizika kokha, chifukwa miyezi yonse iwiri ndi ya njala. Chimene chimatsala m'nambalamo ndi kusiyana kwa zaka: chaka cha zokolola zambiri ndi chaka cha chilala.

CHIMENE BANKI IMAFUNA KUDZIWA

Reserve Bank of Malawi idakhazikitsidwa ndi lamulo la 1964, niyamba ntchito mu 1965, ndipo umodzi mwa maudindo ake aakulu ndi kuteteza mphamvu ya kwacha, ndalama imene idalowa m'malo mwa paundi mu 1971. Chida chake chachikulu ndi chiwongoladzanja chimene imaika, chimene mabanki ena amatsata pokongoza anthu. Chiwongoladzanja chikakwera, ngongole zimadula, anthu ndi makampani amabwereka pang'ono, ndalama zoyenda m'dziko zimachepa, ndipo pang'ono ndi pang'ono mitengo imaleka kuthamanga. Cholinga chimene bankiyo idadziikira ndi chakuti mitengo izikwera ndi 5 peresenti yokha pa chaka.

Koma chida chimenechi chili ndi zofooka ziwiri. Choyamba, chimachedwa: chimene banki yachita lero chimadzaoneka pa msika patapita miyezi yambiri. Chachiwiri, chiwongoladzanja sichigwetsa mvula. Namondwe wa Freddy atasakaza maboma a kumwera mu Malichi 2023, kuphatikizapo Thyolo, Mulanje ndi Phalombe, ndiponso ng'amba itaumitsa mbewu mu 2024 mpaka boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28, panalibe chiwongoladzanja chimene chikadabweza chimanga m'munda. Banki ikakweza chiwongoladzanja chifukwa cha chilala chokha, imalanga wamalonda wobwereka popanda kuwonjezera ngakhale chitsononkho chimodzi, ndipo mankhwala ake amadzayamba kugwira ntchito pamene zokolola zatsopano zatsitsa kale mitengo.

Pa chifukwa chimenechi mabanki aakulu amafunafuna kulekanitsa kukwera kwa mitengo kodutsa ndi kukwera kokhazikika. Kokhazikikako Angerezi amati core inflation, ndipo pa Chichewa kungatchedwe phata la kukwera kwa mitengo. Masamba a tiyi amathyoledwa sabata ino n'kuphukanso sabata yamawa, koma phata limakhalapobe zaka makumimakumi. Banki imafuna kuona phatalo.

NZERU YOCHOKERA KUTALI

Nzeru imeneyi idabadwira ku America. Mtengo wa mafuta a galimoto pa dziko lonse utakwera kanayi pakati pa 1973 ndi 1974, ndipo chakudya nacho chitadula, akatswiri a banki yaikulu ya kumeneko, m'nthawi ya mkulu wake Arthur Burns, adayamba kuchotsa mafuta ndi chakudya m'dengu kuti aone zotsalazo. Katswiri wina, Robert Gordon, adalemba za njira imeneyi mu 1975, ndipo Otto Eckstein adatulutsa buku lonse la nkhaniyi mu 1981. Njirayo njosavuta, ndipo maiko ambiri adaitengera.

Komabe ngakhale kwawo komweko njirayi idawapusitsapo. Chaka ndi chaka ankati kukwerako nkodutsa, mpaka mu 1980 mitengo idakwera ndi 13 peresenti ndi kupitirira, ndipo Paul Volcker adachita kukweza chiwongoladzanja kufika pafupifupi 20 peresenti kuti athetse vutolo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono ngati njirayi idavuta ku America, kumene chakudya sichifika ngakhale magawo 15 pa 100 a dengu, nanga bwanji ku Malawi? Kuchotsa chakudya kuno ndiko kutaya theka la dengu ndi kupitirira. Chotsalacho ndi dengu la munthu wa m'tauni wa pa ntchito yabwino, osati la mayi wosenza mtanga wa masamba kukauika pa sikelo ya kapitawo. Kuchotsa mafuta nako kuli ndi vuto lake, pakuti kuno mtengo wa mafuta ndi wa magetsi suyenda wokha koma umalengezedwa ndi bungwe la MERA. Mu Novembala 2023 petulo adalumpha tsiku limodzi kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, nakhala pomwepo chaka chonse cha 2024, ngakhale kuti mafutawo ankasowa ndipo ogulitsa m'zigubu ankatchaja mtengo wawowawo. Mtengo wotere sugwedezeka ngati wa tomato. Umagona kenaka n'kudumpha.

Maiko ena osauka adaona vutoli ndipo adasankha njira zosiyana. Ku Uganda, kuyambira mu 2011, banki yaikulu imatsata phata la 5 peresenti, koma pochotsa sachotsa chakudya chonse: amachotsa mbewu za kumunda monga nthochi, chinangwa ndi ndiwo zamasamba, pamodzi ndi mafuta, magetsi ndi madzi, n'kusiya zakudya zopangidwa m'mafakitale. Ku India, kumene chakudya chidali pafupifupi magawo 46 a dengu, boma lidagamula mu 2016 kuti banki itsate nambala ya dengu lonse, pa 4 peresenti, poona kuti anthu amayeza moyo wawo ndi mtengo wa chakudya. Ofufuza a bungwe la IMF, mmodzi mwa iwo James Walsh mu 2011, adapeza kuti m'maiko osauka mitengo ya chakudya ikakwera siibwerera msanga, ndipo imakokera m'mwamba mitengo ya zinthu zina.

CHIMANGA SICHIYENDA CHOKHA

Zimene ofufuzawo adapeza, munthu wa kwa Kapichi amazidziwa popanda buku. Chimanga chikadula, waganyu amakweza mtengo wolimira mzere, chifukwa iyenso ayenera kudya. Wa kabaza amakweza, woweta nkhuku amakweza mazira chifukwa madeya adula, telala ndi kalipentala amakweza, mwini nyumba pa Luchenza amakweza lendi. Pomadzafika nthawi yokambirana malipiro pakati pa bungwe la eni maesiteti la Tea Association of Malawi ndi bungwe la antchito la PAWU, amene adasaina pangano lawo loyamba lotere mu 2016, mtengo wa thumba la chimanga ndiwo umakhala mutu wa nkhani. Zikafika pamenepa, kukwera kumene kudayamba ndi mvula kumakhala kutalowa m'phata, ndipo ngakhale chimanga chitsike, lendi ndi mtengo wa kabaza sizitsika.

Komanso si nthawi zonse chimanga chimadula chifukwa cha mvula. Feteleza amagulidwa kunja ndi madola, dizilo wa lole yonyamula chimanga kuchokera ku Mchinji kapena ku Milange amagulidwa ndi madola. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi gawo limodzi mwa magawo atatu mu Meyi 2012, ndipo pofika Febuluwale 2013 mitengo idali itakwera ndi pafupifupi 38 peresenti. Idachepetsedwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Boma likamabwereka ndalama zambiri m'dziko momwemo kuti likwaniritse bajeti, ndalama zoyenda zimachuluka pamene katundu sanachuluke, ndipo chimanga nacho chimakwera pamodzi ndi zina zonse. Motero mu mtengo wa ndowa imodzi muli zinthu ziwiri zosakanikirana: gawo la nyengo, limene banki singalichite kanthu, ndi gawo la ndalama, limene ndi udindo wake weniweni. Wochotsa chakudya chonse amataya magawo onse awiri.

Chaka cha 2017 chimaonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Patapita zaka ziwiri za njala, dziko lidakolola chimanga chochuluka, mtengo wake udagwa, ndipo pofika Disembala nambala ya dengu lonse idatsika kufika pa 7.1 peresenti, pamene zinthu zosakhala chakudya zinkakwerabe ndi pafupifupi 10 peresenti. Chaka chimenecho banki idatsitsa chiwongoladzanja kuchoka pa 24 kufika pa 16 peresenti. Apa nambala ya dengu lonse ndiyo idali yokometsa zinthu, ndipo wofuna kudziwa ngati matenda adatheratu adayenera kuyang'ana kupyola chimanga. Choncho phata limafunikadi, m'chaka cha njala ndi m'chaka cha dzinthu chomwe. Nkhani yagona pa kapezedwe kake.

NJIRA YODULIRA

Pali njira ina imene siyang'ana dzina la chinthu koma khalidwe lake. Idakonzedwa ndi Michael Bryan ndi Stephen Cecchetti ku America cha m'ma 1993, ndipo banki yaikulu ya Australia imaigwiritsa ntchito kwambiri. Mwezi uliwonse zinthu zonse za m'dengu zimandandalikidwa kuyambira chimene chatsika kwambiri mpaka chimene chakwera kwambiri, kenaka nsonga zonse ziwiri zimadulidwa, monga m'mene wodulira tiyi amasalazira mitengo kuti ikhale pa msinkhu umodzi.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza, cha zinthu khumi zolemera mofanana. Chimodzi chatsika ndi 5 peresenti, ndipo zina zakwera ndi 8, 10, 11, 12, 12, 13, 14, 20 ndi 65. Zonse zikaphatikizidwa n'kugawidwa ndi 10, yankho ndi 16. Koma chotsika ndi 5 chija ndi chokwera ndi 65 chija zikadulidwa, zotsala zisanu ndi zitatu zimapereka 12.5. Aliyense woona mndandandawo angavomereze kuti 12.5 ndiyo ikunena zoona za zinthu zambiri, ndipo 16 wakokedwa ndi chinthu chimodzi chokha. Ubwino wa njirayi ngwakuti mwezi uno chodulidwa chingakhale tomato, mwezi wamawa palafini, ndipo chimanga chimakhalabe m'dengu pokhapokha chitalumpha mosiyana ndi zinzake.

Nayonso njirayi ili ndi msampha wake. M'dziko ngati Malawi mitengo imalumpha m'mwamba kawirikawiri kuposa m'mene imagwera pansi, kotero kuti kudula nsonga ziwiri mofanana kumachotsa kukwera kochuluka kuposa kutsika, ndipo yankho limatuluka lochepa chaka ndi chaka. Chinanso, chimanga ncholemera kwambiri m'dengu, ndipo chikakhala kunsonga miyezi yambiri yotsatizana, kuchidula mwezi uliwonse ndiko kutseka maso pa vuto lenileni.

MAYESO ATATU

Popeza palibe njira yopanda chilema, akatswiri amayesa muyeso uliwonse wa phata ndi mafunso atatu. Loyamba: kodi pakapita zaka zingapo, phata ndi dengu lonse zimakumana? Ngati phata limakhala pansi nthawi zonse, ndiye kuti chimene chikuchotsedwa sichodutsa ayi, ndipo sikeloyo ikuba. Lachiwiri: ziwirizi zikasiyana, ndi chiti chimatsata chinzake? Phata labwino ndi limene dengu lonse limabwerera kwa ilo. Ngati phata ndilo limathamangira dengu lonse, monga zimachitikira chimanga chikakoka lendi ndi malipiro, ndiye kuti silikulosera kanthu. Lachitatu: kodi anthu wamba angalimvetse ndi kulikhulupirira? Banki yonena kuti mitengo yakhazikika pamene ndowa ya chimanga yawirikiza kawiri imataya chikhulupiriro cha anthu, ndipo wamalonda wosakhulupirira banki amakwezeratu mitengo lero poopa mawa.

Pamwamba pa mayeso amenewa pali kufunika kwa ziwerengero zoona. Dengu likakalamba limaleka kufanana ndi moyo wa anthu, ndipo mitengo yolembedwa m'sitolo singanene zonse pamene shuga kapena mafuta akusowa m'mashelefu n'kumapezeka kwa mavenda pa mtengo wina. Sikelo yabwino imafuna oiyang'anira okwanira ndi ndalama zoyendetsera kafukufuku m'nthawi yake.

SIKELO ILIYONSE NDI NTCHITO YAKE

Pakati pa 2022 ndi Febuluwale 2024 Banki Yaikulu idakweza chiwongoladzanja kuchoka pa 12 kufika pa 26 peresenti. Wothyola tiyi kwa Kapichi sabwereka ku banki; amabwereka ku banki m'khonde kapena kwa wakatapila. Komabe chigamulocho chimamufika, chifukwa mwini golosale amene amagulako sopo, mwini chigayo, mwini lole ndi esiteti imene imamulemba ntchito, onsewo amadalira ngongole za mabanki. Banki ikalakwitsa pokweza mopyola muyeso, ntchito zimachepa. Ikalakwitsa pochedwa kukweza, malipiro ake amasungunuka m'thumba mwezi usanathe. Njira zonse ziwiri wolira woyamba ndi wosauka, amene alibe madola kapena nyumba zobisamo chuma chake.

Phunziro lake ndi lakuti nambala iliyonse ili ndi ntchito yakeyake. Poyeza ngati malipiro a wantchito, a mphunzitsi kapena penshoni ya wopuma ntchito zikukwanira, muyeso woyenera ndi wa dengu lonse, makamaka la kumudzi kwa okhala kumudzi, pakuti palibe banja limene limadya phata. Poganiza za chiwongoladzanja, banki iyenera kuyang'ana miyeso ingapo ya phata pamodzi, osati kungochotsa chakudya chifukwa kwina amatero, ndipo iyenera kufunsa nthawi zonse kuti mu mtengo wa chimanga gawo la mvula ndi liti, gawo la kwacha ndi liti. Gawo la mvulalo mankhwala ake ali kwina: m'nkhokwe za boma zodzadzidwa m'nthawi yake, m'misika ya ADMARC yokhala ndi chimanga mu Januwale, mu ulimi wothirira ndi m'misewu yabwino. Mutu umodzi susenza denga.

Wophunzira amene watsiriza sukulu, ndi mphunzitsi amene amafotokoza nkhani za dziko m'kalasi, akamva wailesi ikulengeza nambala ya mwezi, achita bwino kudikira nambala ziwiri zotsatirazo, ya chakudya ndi ya zinthu zina. Ya chakudya yokha ikakwera, nkutheka kuti vuto lili m'munda, ndipo zokolola zabwino zingalithetse. Koma zonse ziwiri zikamakwera limodzi kwa miyezi yambiri, ndiye kuti vuto lafika m'phata, ndipo mvula yokha singalichotse.